Mita ya madzi nayo ndi sikelo: kalata yotseguka kwa Nduna yoona za madzi

Olemekezeka a Nduna,

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndidabadwira kumapiri a Ntchisi, ndaphunzitsa m'sukulu zingapo za ku Ntchisi ndi ku Dowa, ndipo masiku ano ndimakhala pa tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa msewu wa M1. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake si yanga ndekha. Ndi ya aliyense amene akadzuka m'mamawa amayamba wafunsa kuti, "Kodi lero atuluka?" Kuno funso limeneli silifuna womasulira, aliyense amadziwa kuti akunena madzi.

Ndiloleni ndiyambire pamsika. Nyengo yokolola ikafika, m'mbali mwa misewu ya kuno mumadzaza masikelo opachika pamitengo. Mlimi amafika ndi thumba la soya kapena mtedza panjinga, venda n'kulikoleka, muvi n'kuzungulira. Mlimi aliyense wa ku Malomo, ku Madisi kapena ku Nambuma amadziwa kuti sikelo ya wogula sumangoikhulupirira. Sikuti venda aliyense ndi wakuba ayi, koma pamene wina ali ndi sikelo mnzake ali ndi thumba lokha, pamafunika munthu wachitatu wosakondera. N'chifukwa chake boma lidapatsa bungwe la Malawi Bureau of Standards mphamvu zoyesa masikelo ndi kulanda onyenga. Venda wachilungamo amakondwa nazo zimenezi, poti chidindo cha bungwelo pa sikelo yake chimamuchotsera dzina loipa.

A Nduna, mita ya madzi nayo ndi sikelo. Chigubu chimene mayi amalipira pa kiyosiki ndi muyeso. Mtengo wa madzi, maola amene amatuluka, ukhondo wake, masiku amene munthu amadikira kuti amulumikizire, zonsezi n'zoyezeka. Pempho langa ndi limodzi: dziko lino likhale ndi bungwe loima palokha, lokhazikitsidwa ndi lamulo, loyang'anira ntchito zopereka madzi ndi zaukhondo, ndipo maso ake afike m'matauni ang'onoang'ono ngati a kwathu kuno, asathere m'mizinda ikuluikulu.

Ndikuuzeni zimene ndimaona ndi maso angawa. Pafupi ndi kwathu pamakhala mayi ena amasiye amene akulera zidzukulu zitatu ndi geni ya mandasi. Kwawoko mapaipi sadafike. Mu Okutobala, zitsime zosaya zikayamba kuuma, mayiwa amadzuka tambala asanalire n'kukaika zigubu zawo ziwiri pamzere ku mjigo. Zigubu zachikasu zija, zimene kale zidali za mafuta ophikira, zimandanda ngati ana a sukulu pa asembule, china chomangidwa kansanza pachogwirira, china cholembedwa ndi msomali wamoto kuti mwini wake achizindikire. Mjigo ukayamba kulira wopanda kanthu, onse amakhala pansi kudikira kuti madzi abwerere. Dzuwa likakwera mzere usanawafike, mayiwa amapita kwa bambo ena amene adakumbitsa chitsime chakuya n'kuikapo pampu ya sola ndi thanki pamwamba. Bambowo amathandiza ndithu, popeza pakadapanda iwo dera lonselo likadazunzika koposa. Koma mtengo amaika okha, chilimwe chikafika pachimake amakweza, ndipo madzi awo palibe amene adabwerapo kudzawayeza. Tsiku lina ndidakhala pansi ndi mayiwa kuwerengetsa ndalama zimene zimathera pa zigubu mwezi wathunthu. Tidapeza kuti pa lita iliyonse amalipira kuposa ine amene ndili ndi mpopi pakhomo komanso ndimalandira penshoni. Wosauka ndiye akugula madzi modula, madzi osadziwika ngati ndi abwino, ndipo alibe khomo loti akagogode.

Ndikudziwa kuti malamulo ndi mabungwe a zamadzi alipo, ndipo sindikuwapeputsa. Lamulo la Waterworks Act la 1995 ndilo maziko a mabungwe asanu ogulitsa madzi: la Lilongwe, la Blantyre, ndi atatu a m'zigawo. Matauni a kuno, monga Dowa boma, Mponela, Madisi ndi Ntchisi boma, ali m'manja mwa Central Region Water Board. Lamulo la Water Resources Act la 2013 lidabala bungwe la National Water Resources Authority, lomwe ntchito yake yaikulu ndi kuyang'anira madzi akadali mumtsinje, m'nyanja ndi pansi panthaka, komanso kupereka zilolezo kwa ofuna kuwapatutsa kapena kuwakumba. Malawi Bureau of Standards ili ndi miyezo ya madzi akumwa, MS 214 komanso MS 733 ya m'mijigo ndi m'zitsime zotetezedwa. Makhonsolo, potsatira lamulo la Local Government Act la 1998, amaona za misika, zinyalala ndi zimbudzi za m'malo osonkhana anthu. Alangizi a zaumoyo ali pansi pa unduna wina, ndipo lamulo la Public Health Act lidalembedwa mu 1948, atsamunda akadalamulira dziko lino.

Aliyense mwa amenewa ali ndi gawo lake, koma pakati pa wogulitsa madzi ndi wogula padatsala mpata. Mtengo wa mafuta a galimoto ndi wa magetsi umadutsa ku MERA. Za mafoni ndi mawailesi zili ndi MACRA. Madzi, amene munthu sangathe masiku angapo osamwa, alibe mlonda wotere. Boma ndilo mwini wa mabungwe ogulitsa madzi, ndilo limasankha akuluakulu okhala m'mabodi awo, ndilo limavomereza mitengo kudzera mwa inu a Nduna, ndiponso maofesi ake ndiwo akhala akutchulidwa chaka ndi chaka kuti ali ndi ngongole zazikulu za madzi. Mmodzi yemweyo ndiye mwini sitolo, ndiye woyesa sikelo, ndiyenso wogula pangongole. Ngakhale atakhala wolungama chotani, ntchito zitatuzi sizingakhale m'dzanja limodzi popanda ina kupsinjika. Kumudzi mfumu siweruza mlandu wa munda wake womwe, imaitana mfumu inzake.

Pasakhale woganiza kuti kalatayi ndi yonyoza ogwira ntchito m'mabungwe a madzi. Ndawaonapo anyamata awo ali m'ngalande, matope kulekeza m'chiuno, mvula ili pamsana, akumanga paipi yophulika. Ntchito yawo kuno ndi yovuta mwapadera. Dziko lathu ndi la zitunda ndi zigwa: madzi ali kunsi, anthu ali kumtunda, ndipo dontho lililonse limayenera kukankhidwa ndi pampu. Magetsi akathima pampu imaima, thanki n'kuphwa, ndipo akayakanso, a pamwamba pa chitunda ndiwo omaliza kulandira. Mankhwala oyeretsera madzi, mapampu, mamita ndi zipangizo zambiri zimagulidwa kunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zidakwera mtengo pomwepo. Mtengo wa madzi ukamadikira nyengo yabwino ya ndale, umatha nthawi yaitali osasintha mapaipi akuwola, kenaka n'kudumpha kamodzin'kamodzi mabanja n'kugwira njakata. Bungwe loyang'anira limachiza mbali zonse ziwiri. Kwa wogulitsa limati: tionetseni mabuku, mutiuze madzi amene mumapopa ndi amene amafikadi kwa anthu, ndipo zimene zatayika chifukwa cha mapaipi odontha ndi kulumikiza mwakuba musasenzetse wogula. Kwa boma limati: mtengo woyenera ndi uwu, ndipo ofesi yosalipira idulidwe monga amadulira mlimi. Woyesa sikelo amateteza venda wachilungamo monga momwe amatetezera mlimi.

Nthawi yochitira zimenezi ndi ino, chifukwa matauni athu akukula mothamanga kuposa mapaipi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Pa nthawi imeneyo Mponela adali kale ndi anthu oposa 24,000, kuposa Dowa boma penipeni, ndipo lero minda ya m'mphepete mwake yasanduka mapuloti. Ku Malomo, ku Mvera, ku Chezi, ku Nambuma, nyumba zamalata zikumera pamodzi ndi zigayo, mabutchala ndi malo ogona alendo. Malo amenewa salinso mudzi, pomwe mjigo umodzi ndi komiti yake zimakwanira, komanso sadafike pokhala mzinda, pomwe pamakhala mainjiniya a khonsolo ndi atolankhani. Ali pakati, ndipo za pakati ndizo zimaiwalika.

Pafupi ndi Dowa boma pali Dzaleka. Msasa umenewu udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero uli ndi oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. M'boma lonse la Dowa mulibe malo ena amene anthu adathithikana chotere. Iwo ndi midzi yowazungulira amamwa madzi a pansi pa nthaka imodzi, ndipo zimbudzi zawo zidakumbidwa m'nthaka yomweyo. Matenda safunsa chiphaso cha unzika, choncho woyang'anira amene tikupempha awerenge Dzaleka ngati tauni monga ena onse.

Tikumvanso za ntchito zikuluzikulu. Paipi yotenga madzi a m'nyanja ya Malawi ku Salima kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, imene mgwirizano wake udayamba kumveka mu 2016, njira yake ikudutsa m'boma la Dowa. Ku Mponela kuli ntchito ya damu la Kholongo. Zonsezi tikuzilandira ndi manja awiri. Koma ndalama zomangira zidzayenera kubwezedwa, kaya kudzera mu bilu ya madzi kaya mumsonkho. Ndani adzawerengetse poyera gawo limene banja la ku Chezi liyenera kusenza? Ndani adzaonetsetse kuti midzi imene paipi yadutsa m'minda yake isangomva madzi akulindima pansi pa mapazi, ulendo wa kumzinda, iyo ikadali pamzere wa mjigo? Mafunso amenewa apeze mwini ntchitozi zisanathe. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi. Dowa ndi Ntchisi ali m'gulu la maboma oyamba m'dziko muno kulengezedwa kuti anthu ake adasiya kuchita chimbudzi patchire. Ndidaona momwe zidayendera: mafumu adaima nji, alangizi a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo, ana a sukulu adatengera uthenga kwa makolo, ndipo pakhomo ndi pakhomo padaoneka chimbudzi, chivindikiro chake ndi mpondagiya wosambira m'manja. Chimenecho n'chonyaditsa, ndipo tidachichita ndi makasu athu. Koma dzenje limadzaza. Kumudzi likadzaza mumakwirira, kubzalapo nthochi, n'kukumba lina pambali. Pa puloti ya m'tauni, pamene mwini wake wamanga nyumba za lendi zisanu kuzungulira chimbudzi chimodzi, pokumba lina palibe. Matauni athu alibe mapaipi a suweji ofika m'makomo mwa anthu. Pafupifupi tonse timadalira dzenje kapena thanki yokwiriridwa kuseri kwa nyumba.

Usiku wina, mvula yoyamba ili pafupi, ndidadzuka ndi fungo komanso kugogoda kwa ndowa. Adali anyamata awiri aganyu akukapa chimbudzi cha pa puloti ina. Adalibe magolovesi kapena majombo. Mmodzi adadzimanga mpango pamphuno n'kumatsitsa ndowa ndi chingwe, mnzake akumuunikira ndi tochi ya pafoni. Zimene ankatulutsazo ankathira m'migolo iwiri pa ngolo ya ng'ombe. Nditawafunsa kumene akukataya, adaloza kumunsi, kudambo. Sindidawakalipire, chifukwa ndikadawauza kuti akataye kuti? Malo ovomerezeka otayirako kulibe pafupi, ndipo galimoto yopopa zimbudzi yochokera kutali mwini puloti sakadaikwanitsa. M'munsi mwa dambo lomwelo muli zitsime zimene amayi amatungako mzere ukatalika ku mjigo, mulinso madimba a tomato ndi mpiru zimene timagula pamsika. Anyamata aja amagwira ntchito imene tauni singakhale popanda iyo, koma amaigwira mumdima, mobisala, ngati akuba.

Zotsatira zake tidaziona tonse. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udafika m'maboma onse a dziko lino, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Sitidaonepo kolera yopha anthu ochuluka chotere m'mbiri yathu. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Boma lidakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera, mankhwala a klorini adagawidwa, katemera adabwera, ndipo miyoyo yambiri idapulumuka. Koma zonsezo n'zochita matenda atalowa kale m'nyumba. Kuyeza madzi mwezi ndi mwezi, kulengeza zotsatira zake, ndi kudziwa kumene zotuluka m'dzenje lililonse zimathera, ndiyo ntchito yotseka chitseko matenda akadali panja. Ngakhale ku likulu kwenikweniko, zimene zidachitika ku Area 18 mu Julaye 2017, pamene madzi osakanikirana ndi zonyansa za suweji adatuluka m'mipopi ya anthu, zidaonetsa mpata womwewu: anthu adachita kupita kukhoti kuti apeze woyankha. Iwo adali ndi maloya ndi atolankhani pafupi. Nanga wa kwa Nthondo kapena kwa Kayembe angathamangire kwa yani?

Sitifunika kupita kutali kuti tikaphunzire. Ku Zambia, lamulo la Water Supply and Sanitation Act la 1997 lidakhazikitsa bungwe la NWASCO, lomwe lidayamba ntchito mu 2000. Kampani iliyonse yogulitsa madzi m'matauni, kuphatikizapo Eastern Water and Sanitation Company imene imatumikira abale athu a ku Chipata, Katete ndi Lundazi, imagwira ntchito ndi chiphaso cha bungweli. Ikafuna kukweza mtengo, imayamba yakumana ndi ogula n'kupereka zifukwa zake. Chaka chilichonse NWASCO imatulutsa lipoti loyerekeza makampani onse pa maola a madzi patsiku, madzi otayika, ukhondo wake ndi katoleredwe ka ndalama, n'kuwandandalika kuyambira woyamba mpaka womaliza. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa momwe mndandanda wa mayeso wopachikidwa pakhoma umasinthira khalidwe la kalasi yonse. Kumeneko adakhazikitsanso magulu a ogula odzipereka otchedwa Water Watch Groups, amene amalandira madandaulo m'makomboni n'kuwalondola mpaka atayankhidwa. Ku Mozambique bungwe lotere lidayamba mu 1998 ndi dzina loti CRA, ndipo mu 2019 lidasanduka AURA. Kenya ili ndi WASREB, Tanzania ili ndi EWURA.

Sindikunena kuti bungwe lotere limachiza nthenda iliyonse. Lusaka idavutika ndi kolera mu 2017 ndi 2018, ndiponso koopsa mu 2023 ndi 2024, NWASCO ilipo. Phunziro lake n'lakuti woyang'anira amene maso ake ali pa mapaipi okha amaphonya kumene matenda amachokera, m'makomboni a zitsime zosaya ndi zimbudzi zokumba. Anzathuwo adazindikira zimenezi, ndipo mu 2018 adatulutsa ndondomeko yoyang'anira zimbudzi za maenje ndi ntchito yozipopa. Ife tili ndi mwayi woyamba ulendowu phunziro limeneli lili kale m'manja.

Choncho, a Nduna, ndikupempha zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba ndi lamulo. Nkhaniyi yakambidwa m'misonkhano kwa zaka zambiri, tsopano ifike ku Nyumba ya Malamulo. Kaya mukhazikitsa bungwe latsopano, kaya muwonjezera mphamvu za National Water Resources Authority, chofunika n'chakuti ntchito zake zilembedwe momveka: kupereka ndi kulanda ziphaso, kuvomereza mitengo, kuika miyezo ndi kulanga ophwanya. Akuluakulu ake asankhidwe poyera potengera luso lawo, avomerezedwe ndi aphungu, ndipo asamachotsedwe boma likasintha. Ndalama zoyendetsera ntchito zichokere pa kagawo kochepa ka bilu, kodziwika ndi kolembedwa, kuti bungweli lisamakapemphe mafuta a galimoto kwa amene likuwayang'anira.

Chachiwiri, mtengo usakwere eni ake asanamvedwe. Msonkhano wake uchitikire ku Ntchisi boma, ku Mponela ndi ku Dowa, m'Chichewa, pa tsiku ndi ola limene amayi angathe kufika. Madzi oyamba a banja, akumwa, ophikira ndi osamba, akhale otsika mtengo, wothirira kapinga ndi wotsukitsa magalimoto ndiwo alipire zambiri. Pa kiyosiki iliyonse mtengo wa chigubu ulembedwe pakhoma ndi penti, ndipo lita ya pa kiyosiki isadule kuposa lita ya pakhomo.

Chachitatu, lipoti la chaka ndi chaka litchule tauni iliyonse payokha. Chiwerengero cha chigawo chonse chimabisa zambiri: Kasungu ndi Salima zikachita bwino, vuto la Ntchisi limamira m'kati mwake osaoneka. Tikufuna kudziwa kuti ku Madisi madzi amatuluka maola angati patsiku, adayezedwa kangati, ndipo adapezeka bwanji. Zotsatira zipachikidwe ku khonsolo, kuchipatala ndi pamsika, ziwerengedwenso pa wailesi za m'madera. Lamulo la Access to Information lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, koma pa nkhani ya madzi munthu asachite kulemba kalata kuti adziwe chimene akumwa.

Chachinayi, ogulitsa ang'onoang'ono alembedwe m'kaundula, asathamangitsidwe. Eni mapampu a sola, mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi amene amayendetsa makiyosiki ndi mipopi ya m'midzi, ngakhale anyamata onyamula zigubu panjinga, ndiwo akufikira anthu amene mapaipi sadawafikire. Kulembetsa kukhale kophweka ndi kotsika mtengo, kuchitikire ku khonsolo komweko. Wolembetsa madzi ake aziyezedwa, mtengo wake ukhale ndi malire, ndipo naye atetezedwe kuti mapaipi a bungwe lalikulu akadzafika asadzangotayidwa ngati chiguduli.

Chachisanu, zimbudzi zilowe m'lamulo kuyambira tsiku loyamba. Lamulo linene mosabisa kuti zotuluka m'maenje a m'tauni ndi udindo wa yani, khonsolo kapena bungwe la madzi, kuti asamalozane zala. Tauni iliyonse ikhale ndi malo ovomerezeka otayirako ndi kuumitsirako, kutali ndi dambo, kumene zikapsa bwino zingasanduke manyowa a mitengo. Okapa ndi opopa zimbudzi apatsidwe ziphaso, zovala zodzitetezera ndi katemera, agwire ntchito yawo masana, dzuwa likuswa mtengo, ndi ulemu wa munthu aliyense wogwira ntchito. Pogawa mapuloti, mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime uzilondoledwa, osangokhala m'buku.

Chachisanu ndi chimodzi, wodandaula akhale ndi khomo. Pakhale nambala yaulere yoimbira, masiku odziwika amene dandaulo liyenera kuyankhidwa, ndi kopita ngati yankho silidabwere. Wokayikira mita yake ikayezedwe ndi munthu amene si wogulitsa madziwo. Magulu a ogula akhazikitsidwe m'tauni iliyonse, ndipo ambiri mwa iwo akhale amayi, poti iwo ndiwo amadziwa ola limene mpopi udasiya kutuluka.

Ndikudziwa zimene ena adzanene: bungwe lina ndiye kuti magalimoto ena, maofesi ena ndi maalawansi ena. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo nane ndili nayo. Yankho lake n'lakuti woyesa sikelo naye aziyesedwa. Bungweli likhale laling'ono, lodzaza ndi akatswiri a madzi, a zaumoyo ndi owerengera ndalama. Lizipereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse, mabuku ake aziunikidwa ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma, ndipo wosakhutira ndi chigamulo chake azitha kupita kwa Ombudsman kapena kukhoti. Tikumbukirenso kuti kukhala opanda woyang'anira si kwaulere. Mtengo wake tikulipira kale, kungoti sulembedwa mu bajeti. Amalipira mayi a mandasi aja pa chigubu chilichonse, amalipira mtsikana amene amafika m'kalasi phunziro loyamba litatha chifukwa adali ku mjigo, ndipo m'chaka cha kolera mabanja ena adalipira ndi maliro.

Pa 28 Julaye 2010 msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Dziko lathu lidalonjeza pamodzi ndi maiko ena kuti pofika 2030 aliyense adzakhala nazo, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amawerengera matauni ang'onoang'ono kuti ndiwo adzanyamule chitukuko. Malonjezo amenewa ndi abwino. Koma ufulu umene ulibe ofesi yokadandaulirako, ndi lonjezo limene palibe woliyeza, sizifika m'ndowa ya munthu.

Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife a kumapiri kuno tamva, n'chifukwa chake ndadzuka kudzagogoda kwanu. Misonkhano yambiri ya boma imachitikira m'mahotela a pa Mponela, choncho ndikudziwa kuti tsiku lina mudzagona kuno. Ndikupemphani kuti tsiku limenelo mudzalawire kusanache, opanda mdipiti wa magalimoto, mudzayende pang'ono kuseri kwa msewu waukulu. Mudzapeza zigubu zitandanda kale. Mudzafunse amayiwo kuti chigubu n'zingati, adaika mtengowo ndani, madziwo adayezedwa liti, ndipo akadwala nawo amakauza yani. Mayankho amene mudzamve mudzapite nawo ku nduna zinzanu ndi ku Nyumba ya Malamulo. Thumba la soya lidapeza kale womuyesera mlimi sikelo. Chigubu cha mayi amasiye aja chikudikira inu.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
m'boma la Dowa